Soketi ya Panja Isakhale Yongolendewera

 Sindichedwa, ndikuona ena mwasiya mphika pamoto.

Chibwerereni magetsi a MAREP kuno, pafupifupi khonde lililonse lili ndi waya wotulukira pawindo. Wina akutchajitsa mafoni, wina akumeta, wina wailesi ili pansi pa mango. Ndifunse, mumatani mukafuna magetsi panja? Ekisitenshoni, eti? Basi, ndamva, tipitirire. Pofika kumapeto kwa mwezi uno ndikufuna mayina a nyumba zomwe zavomera kuika soketi yeniyeni ya panja, ndipo pepala lili ndi a sekilitale apa.

Soketi ya panja si imene ija ya m'chipinda. Imakhala m'kabokosi kokhala ndi chivundikiro ndi mphira m'mphepete, yolembedwa IP66, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo mvula ikawomba ndi mphepo madzi safika pa mawaya. Muikhome pakhoma m'mwamba, pomwe madzi odontha padenga sathovukira, waya wake alowere cham'munsi. Waya akhale wa 2.5, wa mitsempha itatu, wodutsa m'paipi. Wa ethi, wobiriwira ndi chikasu uja, asadulidwe ayi. Ndipo pabolodi pakhale RCD ya 30 mA, yomwe imadula magetsi kusanathe ndi sekondi imodzi yomwe munthu akagwidwa. Ili ndi kabatani koyesera, muzikadina nthawi ndi nthawi.

Kumene ndinali chaka chatha, bambo wina anakoka waya wa sipika kuchoka m'nyumba kupita kukhola la nkhuku. Polumikiza anakulunga ndi pepala la shuga, n'kumanga ndi mphira wa njinga. Chilimwe chonse zinayenda bwino, ankatiseka. Kunagwa chizimalupsa, mwana wopanda nsapato n'kuponda pamatope pomwe panali mfundoyo. Anapulumuka chifukwa mayi ake anathamangira kukazimitsa meni switchi, koma phazi lili ndi chipsera mpaka lero. Mudzi womwewo khitchini ya udzu inapsa usiku, matumba a chimanga ali momwemo. Awa ndi magetsi a 230 volts, abale anga, si batire ya tochi.

Ee bambo kumbuyoko, ndakumvani. Mukuti zonsezi ndi ndalama, pomwe mwana wa achemwali anu amadziwa kulumikiza ndipo salipiritsa. Zoona, soketi yachivundikiro ndi yokwera mtengo kuposa wamba, sindikana. Koma kuyatsa babu si kudziwa ntchito. Lamulo limafuna kuti wokoka mawaya m'nyumba akhale ndi chiphaso cha MERA, ndipo musachite manyazi kumuuza kuti akuonetseni. Iyeyo ali ndi chida choyezera ngati ethi yanu ikugwiradi, pakuti ndodo ya ethi ija munakhoma kuseri kwa nyumba mwina inamasuka kalekale ana akusewera.

Mukuti bwanji? Saluni yanu ili patali ndi nyumba? Ndiye waya musamupachike pamtengo wa malayina kapena kumuyala pabwalo. Pamafunika waya wokutidwa ndi zitsulo, wokwiriridwa pansi theka la mita kapena kuposera, kuti khasu lisamupeze. Mtengo wakewo ndiye vuto, ndikudziwa. Gwirizanani nyumba zisanu, muitane mmisiri mmodzi tsiku limodzi, thiransipoti mugawane. Mayi pamphasapo akuti aganyu ena amathawa ndi ndalama. Musapereke zonse poyamba, zipangizo kaguleni nokha muli naye limodzi, ndipo risiti musunge.

A sekilitale, yambani ndi bambo a saluniwo.