Lilime Lathu pa Nthaŵi ya Mliri



Lero tiyeni tikumbukire mliri wa Covid-19. Boma lidalengeza za odwala oyamba m'Malaŵi muno pa 2 Epulo 2020. Pofika Januwale 2021 maliro adachuluka, ndipo pa 12 mwezi womwewo nduna ziŵiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi.

Uthenga sudasoŵe ai. Azaumoyo adafotokoza pa wailesi, ansembe adalengeza m'matchalitchi, kuti kachilomboka kamafala ndi mpweya ndiponso timalovu totuluka potsokomola, poyetsemula, ngakhale poimba. Choncho padafunika kuphimba pakamwa ndi mphuno, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kupewa kuunjikana. Anthu adazimva zimenezi, komabe ambiri adasankha kukhulupirira mphekesera. Katemera atafika mu Malichi 2021, ena ankati amaletsa kubereka, ena ankati ndi chizindikiro cha 666. Pa 19 Meyi chaka chomwecho, ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, boma lidatentha katemera wotha mphamvu wokwanira jekeseni 19,610. Lidamtentha anthu akuona, kuti amantha atsimikize kuti sadzabayidwa mankhwala oonongeka. Taonani m'mene kukhulupirirana kudazilalira pakati pathu!

Abale anga, nkhani imeneyi ikukhudza malamulo aŵiri a Mulungu: lachisanu loteteza moyo, ndi lachisanu ndi chitatu loletsa bodza. Munthu wofalitsa nkhani imene sadaitsimikize, gogo wina nkuopa chipatala mpaka kufera m'nyumba, ameneyo ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu, ngakhale adayankhula mwachifundo.

Ena ankati wopemphera safuna katemera. Koma kumbukirani kuti Satana atauza Yezu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu, Ambuye adakana, pakuti kudziika dala m'ngozi ndiko kumuyesa Mulungu. Mpingo sudakhale chete: mu Disembala 2020 Likulu la Mpingo ku Vatican lidanena kuti mkhristu angathe kulandira katemerayu ndi mtima woyera, ndipo mu Ogasiti 2021 Papa Fransisko adaphunzitsa kuti kubayitsa ndi ntchito ya chikondi.

Pa 5 Meyi 2023 Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse lidalengeza kuti nthaŵi ya ngozi yaikulu yatha. Komatu miliri ina idzabwera. Inu akatekisiti, anthu amakhulupirira mau anu kumiphakati. Mukamva nkhani yoopsa ya matenda, musaipititse patsogolo musanafunse azaumoyo a kwanu. Safunsa adadya phula. Inunso makolo, phunzitsani ana kufunsa kuti wanena zimenezi ndani, ndipo wazidziŵa bwanji.

Mulungu Mphambe atchinjirize milomo yathu, apatsenso onse amene adatisiya pa mliriwu mpumulo wosatha. Amen.