Mfuti ya Bambo, Khasu la Mayi: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Nthambi



Lero tikambe za anthu awiri amene agona m'manda athu kutsidya kwa dambo: msilikali wakale wa Keyala ndi akazi ake. Maina awo sititchula, pakuti nonse muwadziwa, ndipo m'midzi yambiri kuno ku Zomba muli nkhani yonga iyi.

Nkhondo ya Hitler itabuka m'chaka cha 1939, Boma la Atsamunda linauza mafumu kuti apereke anyamata. Bambowa anali atangolowa chikamwini pamudzi pano. Anakamenyana ndi Ataliyana ku Abyssinia mu 1941, ndipo mu 1944 anali m'nkhalango za Burma, m'chigwa cha Kabaw, kumene mvula, matope ndi malungo zinagwetsa anyamata ochuluka. Anabwera mu 1946 ndi mendulo, jasi la khaki ndi chifuwa chosatha. Pa ndalama ya chithokozo, msilikali wamba wachizungu analandira mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, koma wakuda mashilingi 3 ndi theka. Chipolopolo sichinasankhe khungu, abale, koma ndalama inasankha.

Nanga zaka zonsezo munda analima ndani? Anali amayi aja. Mwana kumbuyo, khasu m'manja, iwo anagalauza, anabzala, anapalira, nasunga mbewu m'nkhokwe, osadziwa ngati ali mkazi wa munthu kapena wamasiye. Kalata ikabwera, ankayenda nayo kwa aphunzitsi kuti awawerengere. Iwo sanalandire mendulo ngakhale imodzi.

Pa njala ya 1949 amuna ambiri anachoka kukasuma, ena osabweranso, nasiya akazi ndi ana. Bambowa anapita kukasuma nabwerera ndi thumba pamutu, ndipo anapeza amayi atasunga ana amoyo ndi gaga ndi ndiwo zakutchire. Itafika nthawi ya malimidwe, akapitawo a Boma akuyeza mizere, kulipiritsa anthu ndi kuwamanga, awiriwa anaima pamodzi pa munda womwewo. Munthu amene anaona mzungu akulira m'matope a Burma sakanaopanso chipewa cha kapitawo, ndipo mayi amene analima yekha zaka zonse zija sakanalola kuphunzitsidwa khasu ndi chikwapu. Ufulu wa 1964 unabadwa m'minda yotere.

Tsopano imvani chimene chatiwawa. Tamva kuti munda womwewo ufuna kugulitsidwa kwa anthu a m'tauni, ndipo alongo, eni ake a mbumba, sanafunsidwe. Ndalama idzatha mvula isanagwe kawiri; nanga zidzukulu zidzalima pati? Nthaka imene Atsamunda analephera kutilanda, kodi tiitaye tokha chifukwa cha njinga yamoto?

Chifukwa chake tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, pasagulitsidwe munda m'dera la nthambi ino popanda mawu a amayi ndi a mfumu, pabwalo poyera. Chachiwiri, amayi akhale m'komiti ndipo azilankhula, osati kungophikira alendo. Chachitatu, mwezi wa Novembala, lipenga likamalira pa nsanja ya Keyala ku Zomba, ife tizikumbukira asilikali pamodzi ndi akazi amene anawasungira mudzi.

Mutu umodzi susenza denga. Awiriwa anasenza limodzi, ifenso titero.