Mtengo wa pamsika ukagwa, mtengo wa m'phiri nawo umagwa

Mawu a wapampando kwa mamembala pa chikondwerero cha zaka khumi za kopaletivi yathu

 

Kopaletivi yathu inabadwa mu 2015, chaka chimene madzi osefukira a mu January anakokolola minda kuno kummwera. Chaka chotsatira kunali chilala. Mu March 2019 kunabwera namondwe Idai, mu January 2022 Ana, mu March 2023 Freddy, ndipo 2024 inali ng'amba. Ndalama ya kwacha nayo inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye mukudziwa nokha pamene thumba la feteleza linakafika. Gulu limene ladutsa m'zonsezi n'kukhalabe ndi buku la mamembala, sikelo yake ndi msonkhano wake wa pachaka, liyenera kuvina. Tivina ndithu, koma ndisanakumasuleni ndikufuna tigawane mfundo imodzi.

M'chinenero chathu mawu akuti "mtengo" ali pawiri. Pali mtengo umene venda amatchula pamsika, palinso mtengo umene umamera m'phiri. Zaka khumizi zatiphunzitsa kuti mitengo iwiriyi imagwera limodzi. Mlimi akagulitsa nandolo wake motchipa, ndalama imatha mvula isanagwe. Ana akufuna fizi, m'nyumba mulibe ufa, ganyu wasowa. Bambo uja amanola nkhwangwa n'kukwera phiri kukaotcha makala kapena kukacheka matabwa. Phiri likayera, madzi amatsika ndi ukali n'kudzatenga munda womwe uja. Ndipo mudzi umene uli ndi njala ndi mantha suchedwa kuyambana. Choncho nkhani ya msika, nkhani ya phiri ndi nkhani ya mtendere ndi mtolo umodzi, ndipo ife alimi ndi amene tausenza.

Tiyeni tikumbukire chaka cha 2017. Nandolo wathu wambiri amakathera ku India. Mu August chaka chimenecho boma la India linalamula kuti nandolo wochokera kunja asapitirire matani 200,000 pachaka, poteteza alimi ake amene anali atakolola zochuluka. Chigamulo chinapangidwa ku New Delhi, koma ululu wake tinaumva pa Limbuli, pa Chitakale ndi pa Nkando. Ambiri tinali titawonjezera minda chifukwa zaka za m'mbuyomo mtengo unali wabwino. Matumba anaunjikana m'nyumba, anankafumbwe n'kumachita phwando.

Mwezi wotsatira, mu September, kunabuka mphekesera ya anamapopa. M'dziko muno inayambira kuno, n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja, achinyamata ankatseka misewu, galimoto zinkaphwanyidwa, ndipo anthu osalakwa anaphedwa pongowaganizira. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe kwa kanthawi, ntchito zachitukuko zinaima, alendo okwera phiri anasiya kubwera, ndipo anyamata onyamula katundu pa Likhubula anakhala manja lende. Sindikunena kuti nandolo ndiye anabweretsa anamapopa, ayi. Ndikunena kuti mphekesera ili ngati kaufiti, imakonda nthaka yoguga. Pamene anthu akhumudwa, asauka, ndipo akuona ngati palibe wowamvera, bodza lililonse limamera.

Nanga chinatithandiza ife n'chiyani? Tinali ndi malo okumanirana. Munthu amene mumayeza naye mbewu pa sikelo imodzi, amene munakongozana naye ku banki mkhonde, n'kovuta kumunyamulira mwala chifukwa choti wina wanong'ona. Mukakhala pa msonkhano wa gulu pamapezeka wina wofunsa kuti, "Kodi iwe waona ndi maso ako, kapena wangomva?" Funso limeneli ndi laling'ono, koma limapulumutsa moyo. Ntchito ya mtendere imayambira pomwepo, apolisi asanafike.

Kulimbana ndi kuponderezedwa pa chuma si kwachilendo m'dera lino. Makolo athu ambiri anawoloka Ruo ndi Muloza kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzapeza thangata m'minda ya azungu: kugwira ntchito kwa mwini esiteti ngati malipiro a malo okhalapo. M'busa John Chilembwe anadzudzula zimenezi, ndipo ataukira mu January 1915, anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho m'dera lino la Mulanje akulowera ku Mozambique. Thangata anatha, koma vuto la malo lidakalipo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma lino muli anthu oposa 680,000, pamene gawo lalikulu la nthaka ndi phiri, kwinako ndi minda ya tiyi. Ndi chifukwa chake mkangano wa malire a kamunda kochepa umatha kugawanitsa mbumba yonse. Munda sitingautambasule ngati lamba. Chimene tingathe ndi kuonetsetsa kuti zochepa zimene zatuluka m'mundamo zisabedwe pa sikelo.

Apa ndi pamene pali phindu la kopaletivi. Venda akabwera pakhomo panu ndi sikelo yake yofinya, inu muli nokha, iye ali ndi ndalama m'manja, mwana ali kubwalo akudikira yunifolomu. Mtengo amatchula ndi iyeyo. Koma matumba a mamembala onse akakhala m'nyumba imodzi yosungiramo mbewu, osankhidwa bwino, ouma bwino, wogula amabwera ndi lole yake n'kukhala pansi kuti tikambirane. Mu 2021 dziko lathu linagwirizana ndi India kuti lizitumizako matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu. Mgwirizano woterewu sufika pakhomo pa mlimi wa matumba atatu. Umafika kwa amene asonkhanitsa zambiri, ndiye funso ndi lakuti wosonkhanitsayo akhale ndani: ife eni ake, kapena wina wodzatidyera masuku pamutu?

Chitsanzo sitikachifuna kutali. Anzathu alimi ang'onoang'ono a tiyi a Sukambizi Association Trust, amene amagulitsa masamba awo ku Lujeri, analowa m'ndondomeko ya Fairtrade mu 2008. Pa kilogalamu iliyonse ya tiyi wopangidwa kale amene wagulidwa m'ndondomekoyi pamabwera ndalama yapamwamba, masenti 50 a dola ya ku America, ndipo alimi eni ake ndi amene amagwirizana chochita nayo. Ndi ndalama imeneyo amanga milatho ndi midadada ya sukulu, agulanso ambulansi. Mavuto sanawathere, mtengo wa tsamba amaudandaulabe, koma akamadandaula amayankhula ndi pakamwa pamodzi, ndipo amamveka.

Tsopano tiyang'ane kumtunda. Phiri ili ndi nkhokwe ya madzi athu. Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Muloza, yonseyi imachokera mmenemo. Ku Bondo, madzi a Lichenya amapukusa makina opanga magetsi a m'midzi. Nkhalango ya m'phiri inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, ndipo mkungudza, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma kuno, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Koma pa kafukufuku wa 2017, akatswiri anapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha m'phiri monse. Inayo inapita ndi macheka ndi moto. Amene ankasenza matabwa pamutu kutsika nawo m'matanthwe anali ana athu, ndipo ankalandira zochepa. Olemera nawo anali ena, m'matauni. Ifeyo tinatsala ndi zitsa.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali yolimbikitsa. Pamene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango, linayamba ntchito yobwezeretsa mkungudza, mbande sizinachokere ku Lilongwe kapena kunja. Zinafesedwa m'manazale a m'midzi yozungulira phiri, ndi manja a amayi ndi abambo ngati inu, amene ankalipidwa pa mbande zawo. Mbande zoposa 500,000 zinabzalidwa. Zambiri zavutika ndi moto wolusa, n'zoona, koma taonapo kuti munthu akamapeza ndalama pa mtengo wamoyo, nkhwangwa amaiika pansi.

Mukumbukiranso mmene zinalili pamene Blantyre Water Board inkafuna kuyamba kutenga madzi a Likhubula kupita nawo ku Nguludi ndi ku Blantyre. Nzika za kuno zinadzuka n'kunena kuti, bzalani kaye mitengo m'phiri musanatenge madzi. Mapaipi anaikidwa ndithu, koma dziko lonse linamva kuti madzi a pampopi ali ndi kwawo, ndipo kwawoko kuli anthu. Lero pali nkhani ya miyala ya bauxite imene ena akufuna kukumba pamwamba pa phiri. Mafumu athu ndi magulu a anthu akhala akunena poyera kuti phiri lisakhudzidwe. Mu July 2025, bungwe la UNESCO linaika Phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali padziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene akhala akulilemekeza. Ulemu umenewu ndi waukulu, koma satifiketi sizimitsa moto. Wozimitsa moto ndi amene amakhala m'munsi mwa phiri.

Za Freddy sindinena zambiri, mabala akadali aawisi. Ena muli pano munataya abale kwa Njema ndi ku Muloza, ndipo ena mpaka lero alibe manda. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Akuluakulu anakumbukira napolo wa ku Phalombe wa mu March 1991. Mvula ya masiku amenewo inali yoposa muyeso, ndipo palibe nkhalango imene ikanaletsa zonse. Nyengo yasintha chifukwa cha utsi wa maiko olemera, osati wa mbaula zathu. Koma tinaonanso ndi maso athu kuti pamene gombe la mtsinje linali ndi nsungwi ndi bango, nthaka inagwira, ndipo pamene tinalima mpaka m'madzi, munda unapita. Pa zimene zili m'manja mwathu, tisadikire mlendo.

Ku Kenya kunali mayi wina, Wangari Maathai. Mu 1977 anayambitsa gulu la amayi a kumudzi obzala mitengo, la Green Belt Movement. Anamenyedwapo, anatsekeredwapo, koma mu 2004 analandira mphoto ya Nobel ya mtendere. Ena anadabwa kuti mitengo ikugwirizana bwanji ndi mtendere. Ife a ku Mulanje sitingadabwe. Tikudziwa ndewu zimene zimabuka pa chitsime chikaphwa, kapena pa dimba madzi akachepa. Tikudziwanso kuti mtendere ndi chiyani, chifukwa pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ena mwa iwo m'midzi yathu yomwe ino, mpaka pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Makolo athu anagawana nawo minda yochepa yomweyo. Ngati iwo anatha kutero ndi alendo, ife tingalephere bwanji pakati pa ife tokha?

Ndiye pamene tikulowa m'zaka khumi zachiwiri, ndili ndi zopempha.

Choyamba, tisagulitse kumbali. Ndikudziwa kuti vuto likafika usiku silidikira kuti lole ibwere. Koma thumba lililonse lopita kwa venda mobisa limafooketsa mawu a gulu lonse pokambirana mtengo. Ngati mwapanikizika, bwerani ku komiti tione chochita, musanapite kwa wakatapila.

Chachiwiri, funsani za ndalama zanu. Lamulo la makopaletivi la 1998 limati mabuku aziwerengedwa ndipo mamembala azimva lipoti pa msonkhano waukulu wa pachaka. Membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi masheya angati. Tikamadzudzula sikelo ya venda, yathu ikhale yoyamba kulungama. Mtsogoleri wokwiya ndi mafunso musamusankhenso, ngakhale atakhala ine.

Chachitatu, kalabu iliyonse ikhale ndi nazale yake ndi gawo la mtsinje limene ikulisamalira. Tibzale nsungwi, mibawa ndi vetiva m'magombe, gliricidia m'minda, ndi kamunda ka nkhuni kuseri kwa nyumba. Mitengo ya nandolo tisaiotche, ndi nkhuni zimenezo. Nthawi yolambula njira zotchinga moto ikafika, tituluke tonse, ndipo wosaka mbewa ndi moto timuletse ngakhale ali mwana wathu.

Chachinayi, amayi akhale pa mipando yeniyeni. Kuno minda yambiri imayenda mwa amayi, olima ndi amayi, otunga madzi ndi otola nkhuni ndi amayi. N'zosamveka kuti pa kasu akhale patsogolo, pa cheke akhale kumbuyo. Achinyamata nawonso tiwapatse ntchito ya malipiro m'gulu muno, yoyeza mbewu, yolemba mabuku, yofufuza misika pa foni. Mnyamata amene ali ndi chochita kumunsi sakwera phiri ndi macheka.

Chachisanu, zipani ndi mipingo tizisiya pakhomo. Chisankho cha pa 16 September chadutsa, ena anasangalala, ena anakhumudwa, koma feteleza tikagula pa mtengo umodzi. Uthenga woopseza ukafika pa WhatsApp, musautumize musanafunse. Mlandu wa malire upite kwa mwinimbumba ndi kwa amfumu zikwanje zisanatuluke. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa amayi ndi abambo amene munayamba gululi ndi masheya a ndalama za ganyu, zikomo. Ena mwa iwo anatisiya, mizimu yawo iuse mumtendere. Kwa inu amene mwalowa posachedwa, nyumba ndi yanu, ndipo denga likadontha musaloze chala, bweretsani udzu. Mvula ili pafupi, mbande zikudikira ku nazale, ndipo buku la masheya lili pa tebulo apo kwa amene akufuna kuwonjezera.

Mulungu adalitse mabanja anu ndi minda yanu.