BWALO LA KAMUZU: KATUNDU WA BOMA NDI KATUNDU WA YANI?

 Lero tikambirana za bwalo la masewero la Kamuzu la mumzinda wa Blantyre. Wina afunsa kuti, "Bwalo la ku Chichiri litikhudza bwanji ife a m'malire muno?" Dekhani, pakuti mbiri ya bwalo limeneli ikutiphunzitsa za kasamalidwe ka zinthu zimene tonse tinasonkhera.

Mbiri ya bwaloli

Bwaloli linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, ndipo linkatchedwa Rangeley, dzina la mzungu amene anali bwanamkubwa wa Chigawo cha Kumwera. Pabwalo pomwepa, pakati pa usiku wolowa pa 6 Julaye 1964, mbendera ya Angerezi inatsitsidwa ndipo ya Malawi inakwezedwa. Pambuyo pake linapatsidwa dzina la Kamuzu. M'nthawi ya ulamuliro wa a Bakili Muluzi linatchedwa Chichiri, koma m'chaka cha 2004 a Bingu wa Mutharika anabwezeretsa dzina la Kamuzu.

Si mpira wokha unkachitika pamenepa. Panali zionetsero za achinyamata, magule ndi perete wa asilikali. Pa 5 Meyi 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anakumana ndi achinyamata a dziko lino pabwalo lomweli. Okonda mpira akukumbukira tsiku la 14 Juni 2008 pamene timu yathu ya Flames inagonjetsa Egypt ndi chigoli chimodzi cha Chiukepo Msowoya. Matimu a Bullets ndi Wanderers akuliranso pomwepa.

Kuonongeka ndi kukonzanso

Maina ankasintha, koma simenti inkakalamba. Madzi a mvula akalowa m'ming'alu, zitsulo za m'kati zimachita dzimbiri, n'kutupa, n'kuyamba kuswa simenti. Zimenezi sizichitika tsiku limodzi ayi. Mng'alu umene ukanamatidwa ndi thumba limodzi la simenti umasanduka ntchito ya mamiliyoni.

M'zaka za m'ma 2000 bungwe la FIFA linathandiza kuyala kapinga wochita kupanga. Koma kapinga wotere amatha pakapita zaka pafupifupi khumi, ndipo amafuna kumusesa ndi kumusamala kawirikawiri. M'chaka cha 2012 boma linatseka bwaloli akatswiri ataona kuti mbali zina zokhalapo anthu zikhoza kugwa. Litatsekulidwa, mbali zimenezo zinakhalabe zotchinga, choncho chiwerengero cha anthu olowa chinatsika kwambiri. M'chaka cha 2017 linatsekedwanso, ndipo linayambanso kugwira ntchito mu 2018 atayala kapinga watsopano.

Ngakhale zinali choncho, mu 2021 bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linakana kuti mabwalo athu achitirepo masewero opitira ku Chikho cha Dziko Lonse. Flames inakalandirira alendo ake ku Orlando Stadium ku Johannesburg. Taganizirani: mwini nyumba kukalandirira mlendo kwa eni ake, kulipira ndege ndi malo ogona, pamene amayi ogulitsa mandasi ndi nthochi pachipata atsala manja lende.

Kumanga chatsopano sikuthetsa zonse

Ku Lilongwe kunamangidwa bwalo la Bingu ndi ngongole ya madola pafupifupi 70 miliyoni yochokera ku China, ndipo linatsekulidwa mu Januwale 2017. Pa 6 Julaye chaka chomwecho anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pazipata za bwalo latsopanolo. Zipata zinachedwa kutsekulidwa pamene khamu linali litadzaza kale. Apa tikuona kuti chimateteza moyo si njerwa zatsopano zokha, koma dongosolo labwino ndi anthu odziwa udindo wao. Ndipo ngongole ija adzabweza ndi ana athu.

Phunziro kwa ife

Choyamba, boma lilibe munda wake. Ndalama zomangira bwalo, sukulu kapena mjigo zimachokera ku misonkho. Ukagula sopo, chitenje kapena mayunitsi a foni, wapereka msonkho. Choncho mau akuti "n'za boma izi" tiwasiye. N'zathu.

Chachiwiri, kumanga n'kosavuta kuposa kusamala. Tsiku lodula riboni pamabwera magalimoto ambiri, koma tsiku lomata ng'alu sipaoneka munthu. Chitukuko chilichonse chikamabwera, tifunsiretu kuti adzachisamala ndani ndipo ndalama zake zidzachokera kuti.

Chachitatu, kufunsa si mwano. Pa 14 Juni 1993 tinasankha ulamuliro wa zipani zambiri kuti tizilankhula mosaopa. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo, ndipo pempho la mudzi limayenda kudzera m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, mpaka ku Khonsolo ya Mchinji. Kuyambira 2020 lamulo likutilola kufunsa maofesi a boma za mmene ndalama zayendera. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chachinayi, tiyang'ane pakhomo pathu. Mabwalo a m'masukulu ndi m'midzi yathu ndiwo Chichiri wathu. Pamenepa ndi pomwe ana amasewera mpira wa miyendo ndi wa manja, pomwe timachitira misonkhano, sikelo ya ana ndi magule. Koma m'malo ena anthu alima mpaka m'kati mwa bwalo, ena adutsitsa ngolo pakati, ena azula mapolo n'kukasonkhera moto. Mnyamata wosowa posewera amapita kuti? Mukudziwa nokha kuti amathera ku kachasu ndi juga.

Mutu umodzi susenza denga. Mafumu atithandize kuika malire a mabwalo athu, makomiti a sukulu alembe katundu yense m'buku, ndipo ndalama za pachipata ziwerengedwe poyera masewero akangotha. 

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi katundu uti wa tonse amene akuonongeka m'dera lathu?
2. Ndani ali ndi udindo womusamala, ndipo tinamufunsa liti?
3. Tichitepo chiyani mwezi uno, osadikira thandizo lochokera kunja?