Sinthani Waya wa Mphenzi Mvula Isanagwe

Nkhani yomwe tikuyendera m'midzi ya Katete, Sinda mpaka ku Vubwi ndi imodzi: paliponse pomwe pali chitsulo cha mphenzi padenga, kaya pasukulu, patchalitchi, pashedi ya chimanga kapena pachigayo, waya wa earth, wotsitsira mphenzi m'nthaka, aonedwe, ndipo akapezeka woduka kapena wadzimbiri asinthidwe Novembala asanafike. Alipo amene anakaonako waya wa pasukulu chaka chino? Palibe? Chabwino, tipitirire.

Mphenzi ndi magetsi ofuna nthaka. Ketulo ya magetsi a ZESCO imadya ma ampu 10, pomwe mphenzi imodzi imatsika ndi ma ampu pafupifupi 30,000. Chitsulo cha padenga chimangoilandira basi. Woinyamula kukaitula m'nthaka ndi waya. Chiyambire m'zaka za m'ma 1750 pamene Benjamin Franklin anatulukira nzeru imeneyi, mfundo yake sinasinthe. Choncho waya akaduka, mphenzi imafikabe padenga koma n'kusowa potsikira, ndiye imalumphira pamalata, pamafelemu a mawindo, ngakhale pa mwana wotsamira khoma. Waya woyenera ndi wakopa kapena wachitsulo chosachita dzimbiri msanga, wonenepa mamilimita 8. Atsike molunjika, popanda ngodya zakuthwa, ndipo polumikiza pamangidwe ndi bawuti, osati kupota ndi pulayala. Pansi akagwire chitsulo chokhomedwa mamita awiri m'nthaka. Kumene kuli miyala, ngati m'mbali mwa mapiri a Mphangwe, chitsulocho chimakana kulowa. Kumeneko kumbani theka la mita kuzungulira nyumba, mugoneke waya m'menemo. Wamagetsi akadzayeza ndi mita yake, tikufuna ma omu osapitirira 10.

Ntchito imeneyi yakhala ikulephereka, ndipo zifukwa zake mukuzidziwa. Nyumba zambiri chitsulo chili chiimire padenga, koma waya anathera pomwe dzanja la munthu limafika. Wotsalayo anapita kwa ogula zitsulo zakale kapena anasanduka msampha wa akalulu. Ena pokonza anaikapo waya waminga kapena kawaya ka babu, komwe mphenzi imasungunula m'kuphethira kwa diso. Ena analumikiza kopa ndi aluminiyamu, osadziwa kuti ziwirizi zikanyowa zimadyana mpaka mfundo kufumbutuka. Tsopano kwabweranso milongoti ya eriyo ya TV yotalika kuposa denga, chingwe chake cholowera m'chipinda momwe ana akhala. Musaone ngati n'zocheza: mu June 2011, pasukulu ya Runyanya ku Uganda, mphenzi inapha ana 18 tsiku limodzi akudikira kuti mvula ikate.

Abambo kumbuyoko, ndakumvani, mawu anu ndi aakulu ndithu. Mukuti chitsulocho ndicho chimaitana mphenzi, bola kungochizula. Funso lanu lili ndi mutu, chifukwa n'zoona kuti mphenzi ikamatsikira panyumbapo imasankha chitsulo. Koma chitsulo sichiikoka kuchokera kumitambo ya kutali. Mphenzi imayamba ulendo isanaone chilichonse pansi pano, ndipo imasankha pogwera itatsala mamita makumi ochepa chabe. Yomwe yagwera chitsulo ndi yomwe ikanagwera nyumbayo kapena pambali pake. Ngalande ya m'munda siitana mvula, imangouza madzi kolowera. Mukazula chitsulo, denga la sukulu likhalabe lalitali kuposa zonse zozungulira.

Mwaonjezanso kuti mphenzi zina n'zotumidwa ndi anthu, ndiye waya angatani. Milandu yotere ili ndi eni ake kubwalo la a mfumu, ine sindilowererapo. Koma taonani komwe mphenzi imakonda: mtengo woima wokha, chulu, munthu ali chilili m'dambo khasu lili paphewa. Ng'ombe zikafa zambiri pansi pa mtengo umodzi anthu amati wina wazichitira kaduka, chonsecho magetsi akalowa pansi amamwazikana m'nthaka, n'kukwera ndi miyendo yakutsogolo kutsikira yakumbuyo. Ng'ombe miyendo yake ndi yotalikirana, n'chifukwa chake imagwa pomwe mbusa woima mapazi pamodzi nthawi zina amapulumuka. Tayala lakale lomwe ena amaponya padenga pofuna kutchinga mphenzi lithandiza kuti mphepo isasasule malata, koma magetsi odutsa makilomita a mlengalenga sangaimitsidwe ndi mphira.

Mwanenanso za akuba waya, abambo, ndipo zimenezo ndiye zenizeni. Komwe kopa sakhalitsa ikani wachitsulo, amene ogula zakale samulipira zambiri, ndipo mamita awiri apansi muwalowetse m'paipi yapulasitiki yomangirira kukhoma ndi simenti. Ndalama musandiyang'ane ine. Thumba la boma la chitukuko la CDF linakwera kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022. Komiti ya sukulu ilembe pempho kudzera ku komiti ya chitukuko ya wodi (WDC), waya alowe m'bajeti pamodzi ndi malata. Alembi, tengani maina a anthu atatu okayendera nyumba zija sabata ino, akalembe pomwe waya waduka ndi mamita ofunika. Abambo kumbuyoko, dzina lanu likhale loyamba.