Zokaona ku Jordan, Dziko la Chipululu

Mawu amene mmodzi mwa ophunzira akale adayankhula pa msonkhano wathu wapachaka

 Akomiti adandipempha kuti ndikambepo za dziko la Jordan ndi malo amene alendo amakaona kumeneko, poti ena mwa inu mwakhala mukufunsa.

Ndiyambe ndi kukukumbutsani mapu aja tinkajambula m'kalasi la jogalafe, a chigwa chachikulu cha Great Rift Valley. Nyanja yathu ndi mtsinje wa Shire zili chakumwera kwa chigwacho, ndipo Jordan ali chakumpoto kwake. Dzikoli ndi laling'ono kuyerekeza ndi Malawi: kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 89,000 pamene lathu ndi 118,000. Anthu ake ndi opitirira 11 miliyoni, ndipo magawo oposa atatu mwa anayi a dzikoli ndi chipululu. Gombe ali nalo la makilomita 26 okha, ku Aqaba. Mumzinda waukulu wa Amman, madzi a m'mipopi amafika kamodzi pamlungu m'madera ambiri, n'chifukwa chake pamwamba pa nyumba iliyonse mumaona matanki. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti malo ambiri amene nditchule pano, mukawayang'anitsitsa, nkhani yake ndi ya madzi.

Malo oyamba ndi Petra, mzinda wosemedwa m'matanthwe ofiira, ulendo wa maola atatu pagalimoto kuchokera ku Amman kulowera kumwera. Eni ake adali mtundu wa Aluya wotchedwa Nabataeans, amene adalemera kwambiri zaka 2,000 zapitazo. Amalonda onyamula lubani ndi mure pa ngamila, kuchokera kumwera kwa Arabia kupita ku gombe la Mediterranean, ankaima pamenepa kuti apume, amwetse ziweto ndi kulipira msonkho. Aroma adalanda ufumuwo m'chaka cha 106, chivomezi cha mu 363 chidagwetsa nyumba zambiri, ndipo malonda atasintha njira mzindawo udatha pang'onopang'ono. Anthu a ku Ulaya adaudziwanso mu 1812 kudzera mwa Johann Ludwig Burckhardt wa ku Switzerland, ngakhale kuti abusa a m'deralo sadauiwale ndi kale lomwe.

Polowa mumayenda pansi mumpata wopapatiza wotchedwa Siq, wotalika kupitirira kilomita imodzi, matanthwe atakutsekerezani uku ndi uku. Potulukira mumangoti balamanthu pamaso pa Al-Khazneh, chinyumba chotalika mamita pafupifupi 40, chosemedwa m'thanthwe limodzi. Dzinali litanthauza mosungira chuma, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti mumtsuko wamwala umene uli pamwamba pake mudabisidwa golide, ndipo zipsera za zipolopolo za amene ankafuna kuuswa zikuonekabe. Akatswiri ambiri amati nyumbayo idali manda achifumu. Amene muli ndi mawondo olimba mungathe kukwera masitepe pafupifupi 800 kukafika ku Ad-Deir, imene ndi yaikulu kuposa Al-Khazneh.

Alendo ambiri amayenda mu Siq maso ali kumwamba. Ine pempho langa ndi lakuti mudzayang'anenso m'munsi mwa makoma. Mbali zonse ziwiri muli ngalande zosemedwa, ndipo pena mumaoneka zotsalira za mapaipi adothi amene ankabweretsa madzi kuchokera ku kasupe wa Ain Musa. M'mapiri monsemo muli zitsime zokumba m'mwala zosungira madzi a mvula, komanso timadamu tochepetsa liwiro la madzi. Kudera kumene mvula imagwa yochepa chotere, anthuwa adamwetsa mzinda wa anthu 20,000 kapena kuposerapo, ndipo mu 1998 ofukula zakale adapeza kuti pakati pa mzindawo padali munda wa maluwa ndi dziwe lalikulu. Wamalonda wochokera m'chipululu ndi milomo yosweka akaona dziwe limenelo, ankadziwiratu kuti wafika kwa anthu amphamvu.

Adadziwanso kuti m'chipululu madzi amapha m'njira ziwiri, akasowa ndi akachuluka. Siq ndi khwawa, choncho adamanga damu pakhomo pake ndi kuboola ngalande m'phiri kuti madzi osefukira azilambalala. Damulo litagumuka m'zaka za bwinja, zidachitika zimene akulu adanena kuti madzi saiwala khwawa. Mu 1963 madzi adakokolola alendo oposa 20 mumpatamo, ambiri mwa iwo a ku France, ndipo boma lidamanganso damu pamalo omwe aja adasankha eni mzinda. Mu November 2018 alendo oposa 3,000 adathawitsidwa mvula itagwanso mwamphamvu. Tsono woperekeza alendo akakuuzani kuti lero mpata watsekedwa, musalimbane naye, ngakhale pamene mwaimapo dzuwa likuswa mtengo. Mvulayo imakhala itagwa kumapiri kumene inu simukuona.

Kuchoka ku Petra kulowera ku Aqaba mufika ku Wadi Rum, chipululu cha mchenga wofiira ndi mapiri oima njo ngati makoma. Kumeneku ndiko adajambulirako mbali ina ya filimu ya Lawrence of Arabia ya mu 1962, ndiponso The Martian ya mu 2015, poti malowo amafanana ndi zithunzi za ku Mars. Eni dera, Aluya oweta ziweto otchedwa Bedouin, amakutengani pa ngamila kapena pa galimoto, kukuonetsani zolemba zakale pa matanthwe, ndipo usiku mumagona m'matenti mutadya nyama yowotchedwa m'dzenje lokwiriridwa ndi mchenga. Mutenge chovala chamkono, chifukwa usiku kumazizira kwambiri. Pansi pa dera limeneli, ku Disi, pali madzi amene adalowa m'nthaka zaka zikwizikwi zapitazo. Kuyambira mu 2013 madziwo amapopedwa ulendo wa makilomita 325 kupita ku Amman, koma mvula ya masiku ano siikwanira kubwezeretsa amene akutungidwa.

Tibwerere kumpoto. M'tauni ya Madaba, pansi pa tchalitchi cha St George, pali mapu opangidwa ndi timiyala tamitundumitundu m'zaka za m'ma 500. Amaonetsa Jerusalem, mtsinje wa Jordan umene m'Baibulo timauwerenga kuti Yordano, ndi nyanja ya Dead Sea, Nyanja ya Mchere ija. Mukapenyetsetsa muona nsomba ina mumtsinjemo itatembenuka, ikuthawa mchere. Pafupi pomwepo pali phiri la Nebo, pamene Baibulo limati Mose adaonera dziko lolonjezedwa, ndipo kukakhala kopanda nkhungu mumaona Jericho kutsidya. M'munsi mwake muli Al-Maghtas, malo amene ambiri amakhulupirira kuti Yohane adabatizirapo Yesu. Kudali mabomba okwirira mpaka pamene Jordan ndi Israel adasainirana mtendere mu 1994, ndipo bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wake mu 2015. Konzekerani kudabwa: mtsinje wotchuka chotere, pamenepa ndi wa madzi amatope, wakuti mwana angathe kuponya mwala kutsidya osachita kuthamangira. Israel, Syria ndi Jordan onse amapatutsa madzi ake kumtunda, a kumwa ndi a ulimi.

Zotsatira zake zimaoneka pa Dead Sea. Gombe lake ndi malo otsika kuposa ena onse pamtunda, mamita oposa 430 kunsi kwa nyanja zikuluzikulu. Mchere wake ndi wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa wa m'nyanja zimenezo, kotero kuti ngakhale aja ankaopa kusambira amangoyandama chagada. Musamete ndevu m'mawa wa tsikulo, ndipo madzi asakuloweni m'maso. Koma nyanjayi ikutsika ndi mita imodzi kapena kuposerapo chaka chilichonse, chifukwa mtsinje wouthira wachepa, ndiponso mafakitale a kumwera amaumitsa madzi ake kuti apeze mchere wa potash wopangira feteleza. Madzi akabwerera, mchere wa pansi pa nthaka umasungunuka ndipo nthaka imatitimira. Ku Ghor al-Haditha maenje oterewa adameza minda ndi nyumba. Adzukulu athu adzapeza nyanja yochepa kuposa imene ilipo lero.

Nthawi ikalola, pitani ku Jerash, makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa Amman, mukayende m'misewu ya Aroma yokhala ndi zipilala mbali zonse. Kum'mawa kuli Azraq, kumene kudali dambo lalikulu pakati pa chipululu, popumira mbalame zochokera ku Ulaya popita ku Africa kuno. Akasupe ake adauma mu 1992 chifukwa chopopa madzi mopitirira muyeso, ndipo kachigawo kamene kalipo lero kamadalira madzi ochita kuthiramo.

Nditsirize ndi malangizo ochepa. Miyezi yabwino ndi March mpaka May, kapena September mpaka November, pamene sikutentha mopambanitsa. Fufuzani za viza ndi za mtendere wa m'deralo musanagule tikiti. Nkhondo ya ku Gaza itayamba mu October 2023 alendo adachepa kwambiri, ndipo amene adavutika ndi operekeza alendo, eni ngamila ndi amayi ogulitsa mikanda. Mukafika, guleni kwa iwo. Valani modzilemekeza, ndipo kumbukirani kuti Lachisanu ndi tsiku lawo lopemphera. Akakuitanirani mansaf, mpunga wa nyama ya nkhosa ndi msuzi wa mkaka wouma, idyani ndi dzanja lamanja monga kwathu kuno. Khofi akakukwanani, gwedezani kapu pobweza, kupanda kutero adzingokuthirirani. Ndipo ku hotela, posamba musachedwe, pokumbukira kuti banja la amene akukuyalirani bedi likudikira tsiku lake la madzi.

Bambo wapampando, ndalankhula zambiri ndipo fungo la kukhitchini landipeza. Amene muli ndi mafunso tionana pa chakudya.