Kukhazika Mtima Pansi Poyang'ana Mbalame



Mutu umene ndapatsidwa lero ndi wa nkhaŵa. Ambiri a ife tidzuka kusanache mtima uli kale pa feteleza, pa fizi ya ana, ndi pa odwala amene ali kuchipatala. Manja ali pa musi, koma maganizo ali ku chaka chamaŵa. Nkhaŵa yotere isoŵetsa tulo, ndiponso ikulitsa matenda a kuthamanga kwa magazi. Mukumbukira kuti pa Mateyu 6, Ambuye polankhula za nkhaŵa analoza mbalame. Tsono tiyeni tiziyang'ane ndithu.

M'Malaŵi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo yambiri ipezeka m'mapiri athu ano, kuyambira ku Mvera ndi ku Kongwe kufikira ku nkhalango ya Ntchisi, imene boma linaipatula mu 1924. M'nkhalangomo mukhala nkulukulu, yobiriŵira ngati masamba. Kufiira kwa mapiko ake kuoneka pokhapokha ikauluka, kotero munthu waphuma saiona. Kudambo kuli atchete. Wamwamuna ndiye aluka chisa ndi timizere ta udzu, wamkazi nkudzachiyendera. Akachikana, mwamunayo aphwasula nayambanso. Anamzeze ena amene tiwaona m'dzinja afika mu Okutobala kuchokera ku Ulaya, nabwerera mu Epulo.

Nanga tichite bwanji? Patulani mphindi 10, m'mamaŵa kapena dzuŵa likapendeka. Khalani pansi pa mtengo, foni itsale m'nyumba. Sankhani mbalame imodzi, kaya ndi pumbwa kaya njiŵa. Onani maŵanga a nthenga zake, chimene ikutola, ndi kumene ikupita nacho. Mverani kulira kwake, muŵerenge kuti ibwereza kangati. Maganizo akathaŵira ku ngongole musadzidzudzule. Abwezeni pa mbalameyo. Mtima sutha kutsata phwiti ndi ngongole nthaŵi imodzi.

Mu 2022 akatswiri a ku King's College London anafufuza anthu 1,292, napeza kuti munthu akaona kapena kumva mbalame mtima wake upepuka, ndipo kupepukako kukhoza kufika maola 8. Izi sizitanthauza kuti odwala ataye mankhwala a kuchipatala, iyayi. Ndiponso mbalame siidzakulipirirani fizi. Koma mayi wokhazika mtima pansi ndiye aona bwino poyambira, ndipo ana ake salandira ukali umene sanaupute.

Chotsiriza ndi ichi: mbalame zikhala pamene pali mitengo, ndipo makala akuimaliza mitengo m'mapiri athu. Bzalani mkuyu chapatali ndi nyumba, ndi katope m'mbali mwa mtsinje. M'chilimwe ikani chigoba cha madzi pamthunzi. Langizani ana kuti malegeni awapachike, m'malo mwake muwaphunzitse maina a mbalame monga anatiphunzitsira agogo athu.